CHIGWEMBE CHA RUO: ULENDO WOTSATA MTSINJE PA PHIRI LA MULANJE

Anthu a ku Chiromo ndi ku Makhanga, m'boma la Nsanje, amaudziŵa mtsinje wa Ruo ngati chimtsinje chotambalala, cha madzi ofiirira, choyenda mwaulesi pakati pa mabango ndi madimba mpaka kukathira m'Shire. Amadziŵanso kuti ulesi umenewo ngwachinyengo, pakuti m'mwezi wa Januwale chaka cha 2015 mtsinje womwewu udasiya njira yake yakale nudzera m'midzi, ndipo dera la Makhanga lidasanduka chilumba chofikako pa bwato kapena pa ndege basi. Komabe mwa anthu onse amene amamwa madzi a Ruo, kuchapamo ndi kuphamo nsomba, ngoŵerengeka amene adakafikako kumene madziwo amachokera. Mtsinjewu umayambira pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo usanafike kuchigwa umatsika mamita oposa 1,000 kudzera mu mpata wopapatiza, wakuya, wa matanthwe ndi nkhalango yoŵirira. Mpata umenewu ndiwo chigwembe cha Ruo, ndipo m'mbali mwake muli kanjira ka pansi kamene munthu wamphamvu zake angathe kuyendamo.

Chigwembe nchosiyana ndi chigwa. Chigwa chimatambalala, anthu nkulimamo ndi kumangamo midzi. Chigwembe nchopanikizika, makoma ake ali chiriri mbali zonse ziŵiri, ndipo pansi pake mwini malo ndi mtsinje. Omvera a ku Rumphi akumbukire pa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru umapyola pakati pa mapiri, ndipo a ku Neno ndi Blantyre akumbukire pa Mpatamanga, pamene madzi onse a Shire amadzipanikiza pakati pa miyala. Chigwembe cha Ruo chimasiyana ndi ziŵirizi pa chinthu chimodzi chachikulu. Mitsinje ya pa Njakwa ndi pa Mpatamanga imachokera kutali, motero imadzala pang'onopang'ono anthu akuona. Ruo wa m'phiri amachokera pamwamba pomwepo, pamutu pa woyendayo, ndipo angathe kudzala nyemba zili pamoto zisanapse. Woyenda m'malo otere amafunikadi miyendo yolimba, koma chimene chimambwezera kwao ali moyo ndi kudziŵa makhalidwe a madzi.

Akatswiri a miyala amati phiri la Mulanje lidapangika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Mwala wosungunuka ndi kutentha kwa pansi pa dziko udakwera, koma sudaphulikire kunja monga amachitira mapiri a moto a maiko ena. Udaimira m'kati mwa nthaka nuzizira pang'onopang'ono, nusanduka mwala wolimba kwambiri wa mitundu ya granite ndi syenite. M'kupita kwa zaka zosaŵerengeka mvula idakokolola miyala yofeŵa imene idaukuta, ndipo wolimbawo udatsala uli njo, nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Pozizira paja mwalawo udachita ming'alu, ndipo m'ming'alu imeneyo ndimo madzi adapeza poyambira kukumba. Madzi paokha sangaboole mwala wotere. Zida zake ndi mchenga ndi miyala imene amakunkhuniza. Umboni wake ulipo m'mphepete mwa mtsinje, pamene pali maenje osalala onga mitondo, ena aang'ono ngati chikho, ena oti munthu nkukhalamo, ndipo pansi pa ambiri pamapezeka mwala wobulungira umene wakhala ukuzungulira m'menemo dzinja ndi dzinja ngati munsi.

Ulendo umayambira kumwera chakum'maŵa kwa phirili, ku minda ya tiyi ya Lujeri, imene munthu amapatukirako akakhala pa mseu wochoka pa boma la Mulanje kunka ku malire a Muloza. Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo adaikonda mbali imeneyi chifukwa cha mvula yake, imene imapitirira mamilimita 2,000 pa chaka, pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri mvula ya mu mzinda wa Blantyre. Mlendo amachita chidwi ndi kubiriŵira kwa mindayo, yosalala pamwamba ngati yometedwa ndi lumo, koma kubiriŵira kumeneko kukumuuzanso kuti wafika ku dziko limene mvula siisoŵa. Mindayi ili ndi eni ake, tsono nkoyenera kuyamba wapempha chilolezo chodutsamo. Pakamwa pa chigwembe pali nyumba ya makina opanga magetsi ndi mphamvu ya madzi, amene eni minda adaika kale m'nthaŵi ya atsamunda kuti aziyendetsa fakitale ya tiyi. Galimoto imathera pamenepo, ndipo kutsogolo konse nkwa miyendo.

Munthu wanzeru sayamba njira imeneyi yekha. M'midzi ya m'tsinde mwa phiri, pa boma la Mulanje ndiponso ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya a zankhalango, kumapezeka anyamata ndi abambo amene ntchito yao ndi kutsogolera alendo ndi kuwanyamulira katundu. Ambiri mwa iwo adakulira m'phiri momwemo, ndipo amadziŵa mwala umene umaterera, mtengo umene udagwa chaka chatha nutseka njira, ndi kamtsinje kamene kamakwiya msanga. Ndalama imene mlendo amawalipira ena amaiona ngati yotayika, makamaka pamene kunja kwacha bwino. Koma phirili lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands adakwera yekha kuloŵera ku Sapitwa ndipo sadapezeke. M'chaka cha 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya womtsogolera napitirira yekha ku nsonga yomweyo, ndipo mtembo wake udapezeka patapita masabata. Akulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Wapaulendo akangoloŵa m'nkhalango, dzuŵa limamthaŵa. Kunja kuja thukuta linali kamukamu pakati pa tiyi, koma muno muli mthunzi wa chinyezi ndi fungo la masamba oola. Mfumu ya nkhalangoyi ndi mkweranyani, mtengo wautali wa thunthu loongoka, umene mizu yake imatambalala pa tsinde ngati zipupa, mwakuti munthu angathe kubisala pakati pa iŵiri osaoneka. Palinso mibaŵa ndi mitengo ina yambirimbiri, yonse yokutidwa ndi ndere ndi zilambe zolendeŵera ngati zingwe. Pamwamba pa nthambi nthaŵi zina pamadutsa gulu la anchima, ndipo kaŵirikaŵiri munthu amangomva kugwedezeka kwa masamba, eni ake osawaona. Nkhalango yosayoyola masamba ya mtundu uwu kale inali m'tsinde mwa mapiri ambiri a m'chigawo cha kumwera, koma yambiri idapita ndi nkhwangwa ndi khasu. Ya m'chigwembe cha Ruo ili m'gulu la zochepa zotsala. Boma lidaika phiri la Mulanje m'gulu la nkhalango zotetezedwa m'chaka cha 1927, koma kunena zoona chimene chaitchinjiriza kwambiri nkhalango ya muno ndi kutsetsereka kwa malo, popeza nkovuta kutulutsamo matabwa.

M'masamba a mitengo imeneyi mumakhala kanyama kena kamene kadatengera Chicheŵa ku mabuku a sayansi a dziko lonse. Nyama imene ena amati birimankhwe, ena nanzikambe kapena nadzikambe, ili ndi mitundu yambiri, ndipo umodzi mwa iyo umapezeka m'nkhalango za phiri la Mulanje zokha. Katswiri wa njoka ndi abuluzi, Donald Broadley, adaulemba m'mabuku m'chaka cha 1965. M'chaka cha 2006 akatswiri ena adaona kuti mtunduwu ngwosiyana ndi abale ake kotero kuti uyenera kukhala ndi banja lakelake, ndipo banjalo adalitcha Nadzikambia, kuchokera ku mau omwe aja a kumudzi. Pambuyo pake mbale wake wina adapezeka pa phiri la Mabu ku Mozambique. Kumuona nanzikambe ameneyu masana ndi mwaŵi waukulu, pakuti amafanana ndi tsamba limene wakhalapo, ndipo ofufuza amamsaka usiku ndi tochi, pamene thupi lake limatuŵa ali m'tulo.

Kukongola konseku munthu amakuona mwa apo ndi apo, chifukwa maso ake amakhala pansi. Njira ndi yopapatiza, ndipo m'malo ambiri popondapo ndi mizu ya mitengo, yoterera ngati therere. Pena manja amagwira ntchito mofanana ndi mapazi. M'njira zina za mbali ino ya phiri, pamene thanthwe laima chiriri, anthu adaikapo makwerero, ndipo wokwerapo ayenera kuyesa mtanda uliwonse asanauikire thupi lonse, popeza m'chinyezi chotere mtengo umaola ndipo chitsulo chimachita dzimbiri. Kumunsi mtsinje umangolindima osalekeza, pena woonekera pakati pa mitengo uli mbuu ndi thovu, pena wobisika. Mkokomo wake ngwoti anthu aŵiri otalikirana mapazi makumi aŵiri samvana ngakhale afuule, nchifukwa chake gulu siliyenera kumwazikana. Kukwera kumatenga theka la tsiku kapena kupitirira, ndipo pamene munthu akukwera mpweya umanka nuzizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Malaya onyowa ndi thukuta la kumunsi amasanduka mdani kumtunda.

Njirayi imadutsa timitsinje tambiri totsika m'makoma a chigwembe kukathira mu Ruo. M'chilimwe timeneti nkongodumpha, mwina kuŵerama nkumwa ndi manja. Tsono mpovuta kukhulupirira kuti pamalo pomwepo pangafere munthu. Kuti zimveke, omvera aganizire za denga la malata. Mvula ikagwa pa munda wolimidwa, nthaka imayamba yamwa, ndipo madzi amafika ku mtsinje mochedwa. Ikagwa pa denga la malata, dontho lililonse limathamangira ku ngalande nthaŵi yomweyo, ndipo mgolo umadzala mayi asanapeze chidebe chachiŵiri. Pamwamba pa Mulanje mpotero. Nsonga zake ndi matanthwe osalala opanda dothi, ndipo m'madambo a pamwambapo dothi ndi lochepa, pansi pake pali mwala. Dera lonse limene limathira madzi ake mu Ruo lili ngati mbale yaikulu yozingidwa ndi nsonga, ndipo potulukira pake mpamodzi, m'chigwembe.

Masamu ake ngosavuta. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, madziwo amakwana malita 1,000,000. Mwachitsanzo, mvula ya mamilimita 50, imene ku Mulanje si yachilendo, itagwa pa malo khumi otere, ndiye kuti malita 500 miliyoni akufuna njira yotsikira, ndipo ambiri mwa iwo aifuna m'maola oŵerengeka. Choopsa china nchakuti mvulayo ingagwe kumtunda kokha. Munthu ali pansi pa chigwembe amaona kachigawo kochepa ka thambo pakati pa makoma ndi nthambi, ndipo kachigawoko kangakhale koyera pamene kuseri kwa nsonga kukugwa chimvula.

Wina anganene kuti zonsezi nza dzinja, ndipo woyenda m'miyezi ya chisanu alibe nkhaŵa. Apa mpamene ambiri amanyengeka. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene ku Lilongwe ndi ku Kasungu kuli gwaa, mphepo ya chinyezi imaomba kuchokera ku nyanja yamchere ya India kudzera ku Mozambique. Ikagunda phiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka nkhungu ndi mvumbi wa masiku angapo. Imeneyi ndiyo chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Anthu a ku Thyolo ndi Blantyre amachidziŵa chiperoni ngati kamvula kowaza kongovutitsa ochapa zovala. Pa Mulanje, makamaka mbali ya Ruo imene yapenya kumene mphepoyo imachokera, chiperoni chingathe kukhala mvula yeniyeni yodzaza mitsinje.

Zimenezi zidaoneka poyera chapakati pa chaka cha 1949, dzinja litatha kale. Mlembi wina wobadwira ku South Africa, Laurens van der Post, adatumidwa kuchokera ku London kudzayendera mapiri a Mulanje ndi Nyika kuti aone ngati angathandize pa ulimi ndi ziŵeto. Pa Mulanje adayenda ndi akuluakulu aŵiri a zankhalango pamodzi ndi gulu la amtengatenga. Mmodzi mwa aŵiriwo anali Fred France, mnyamata amene ankakhala pa Chambe, pamwamba pa phiri, ndi mkazi wake ndi mwana wakhanda, nayang'anira mitengo ya mkungudza. Ali kutali ndi kwao chiperoni chidawatsekera, anthu onse adanyowa ndi kuzizidwa, ndipo adaganiza zotsikira ku Ruo kuti akafike ku minda ya tiyi. Panjira adapeza mtsinje wodzala, ndipo pang'ono kumunsi kwa pooloka madziwo ankagwera m'phompho.

Monga akusimbira van der Post m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior, limene lidatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, France adadzipereka kuoloka poyamba atamangidwa chingwe, anzake atagwira mbali inayo, kuti akachimangirire kutsidya ena onse aolokere pomwepo. Ali pakati madzi adamkokolola namgwetsera ku mathithi. Anzake adalimbikira kukoka, koma chingwe chidakhuzika pa mwala nkuduka. M'bukumo mlembi adamsintha dzina namutcha Vance, ndipo ambiri mwa amtengatenga amene adazizidwa naye limodzi tsiku lija sadatchulidwe maina ao nkomwe. Kanyumba ka pa Chambe kamatchedwa France's Cottage pokumbukira iyeyo.

Nkhani imeneyi njofunika kuilingalira bwino, chifukwa France sanali mlendo wosadziŵa kanthu. Phirilo linali malo ake a ntchito, anali wamphamvu, anali ndi chingwe ndi anzake omgwirira. Chidamgonjetsa ndi kulemera kwa madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo mtsinje wothamanga umaponya malita mazanamazana pa miyendo ya munthu pa kamphindi kalikonse. Liŵiro la madzi likaŵirikiza kaŵiri, mphamvu yake yokankha imaŵirikiza kanayi. Pamene madzi akukwera m'thupi, thupilo limapepuka, mapazi nkuleka kugwira pansi, pansi pomwe mpa miyala ya ndere. Nchifukwa chake odziŵa za mapiri amati madzi othamanga akapitirira m'maondo, pamenepo si pooloka, ngakhale tsidya lili pafupi loti nkulavulirako malovu.

Za chingwe nazo nzofunika kuzimvetsa, pakuti ambiri amachiyesa chipulumutso. Munthu womangidwa m'chiuno akagwa m'madzi othamanga, chingwe chimakungika, ndipo m'malo momkokera kumtunda chimamgwira pamalo amodzi madzi nkumamkwirira. Sangathe kusambira, sangathe kudzimasula, ndipo ogwira chingwe aja akulimbana ndi mtsinje wonse. Aphunzitsi a zokwera mapiri masiku ano amachenjeza kuti munthu wosaphunzira bwino kagwiritsidwe kake asadzimangirire chingwe pooloka. Pamene madzi ali ochepa ndipo kuoloka nkotheka, amasankha malo otambalala ndi osaya, kutali ndi mathithi, popeza woterereka pamenepo amakhala ndi mpata wodzuka. Amaoloka nsapato zili kuphazi, lamba wa chikwama atamasula kuti chikwamacho chitayidwe msanga zikavuta, nkhope itapenya kumene madzi akuchokera, ndodo yolimba ili patsogolo ngati mwendo wachitatu, ndipo phazi limodzi silinyamuka linzake lisanakhazikike.

Mtsinje sudzala mwakachetechete, ndipo wotchera khutu ndi maso umamchenjeza. Madzi a Ruo wa m'phiri ngoyera oti mchenga wa pansi nkuuŵerenga. Akayamba kuchita mbuu kapena kufiirira, kumtunda kwagwa mvula. Akayamba kubwera ndi masamba, tizitsotso ndi thovu lakuda, ndiye kuti adutsa kale malire ao kumtundako ndipo akusesa m'mphepete. Mkokomo ukasintha nukhala wakuya, ndipo pansi pa madzi pakamamveka kugunda ngati mitondo ya kutali, imeneyo ndi miyala ikukunkhunizika, ndipo mwala woyenda m'madzi umathyola mwendo ngati bango. Otsogolera alendo ena amazika kamtengo pamene madzi alekezera, nakhala pansi kwa kanthaŵi. Kamtengoko kakamira, gulu limachoka m'mphepete nkukwera pamalo okwera. Kakatsala pouma, madzi akuphwa.

Pamenepa pali chotonthoza. Denga la malata limene limadzaza ngalande msanga limaumanso msanga. Mtsinje wa m'phiri umene wakana munthu madzulo kaŵirikaŵiri umamlola m'maŵa mwake, mvula ikaleka. Chovuta nchakuti kudikira kumaŵaŵa. Munthu wanyowa, njala yamgwira, kunja kukuda, maŵa ali ndi ntchito ku Limbe, ndipo nyumba yofunda ili tsidya lomwelo. Maganizo otere ndi amene amamloŵetsa m'madzi. Tsono kukonzekera kwenikweni kwa ulendowu ndi kunyamula zinthu zoti kudikira kutheke: juzi yofunda yokulungidwa m'pulasitiki, chovala cha mvula, machesi osungidwa pouma, tochi, ndi kamba woposa wa tsiku limodzi, monga mbatata yootcha, mtedza ndi chimanga chokazinga. Amene ali ndi zimenezi angathe kugona pansi pa thanthwe usiku umodzi nadzuka wamoyo. Kumudzi kapena ku ofesi ya zankhalango kutsale munthu wodziŵa njira imene gulu ladzera ndi tsiku lobwerera, pakuti foni ya m'manja siidalirika pakati pa makoma a miyala. Miyezi yabwino koposa ndi ya Sepitembala ndi Okutobala, chiperoni chitachepa, mvula ya dzinja isanayambe, ndipo ponyamuka mpa mbandakucha.

Makolo a m'dera lino adaidziŵa kale mphamvu ya madzi a m'phiri ndipo adaipatsa dzina. Amati Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, akamasamuka kunka ku nyanja amagumula nthaka, miyala ndi mitengo, nasesa zonse za m'njira yake. Napolo adadutsa mu Zomba m'mwezi wa Disembala 1946. Adadutsa ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991, kuchokera m'phiri la Michesi, napha anthu mazanamazana. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula ya masiku angapo m'chigawo cha kumwera, mapiri adagumuka ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa. A sayansi amati dothi la pa thanthwe lotsetsereka likakhuta madzi limalemera ndi kuterereka lonse pamodzi. Mafotokozedwe aŵiriŵa amagwirizana pa mfundo yakuti madzi amabwerera m'khwaŵa lao lakale, ngakhale papite zaka. Kwa wapaulendo tanthauzo lake nlakuti njira za m'phiri zimasintha. Pamene panali pooloka pabwino zaka khumi zapitazo lero pangakhale phompho, ndipo buku lakale la njira silingapose munthu amene adadutsapo mwezi watha.

Nkhalango nayo ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Mitengo singaletse mvula yonga ya Freddy, koma pa mvula ya masiku onse mizu, udzu ndi masamba oola zimagwira madzi ndi kuwatula pang'onopang'ono, ndipo nchifukwa chake Ruo saphwa m'chilimwe. Moto wolusa, makala ndi macheka zachepetsa chofunda chimenechi. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko la Malaŵi umene France ankausamala, udadulidwa mpaka kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo pa phiri lonse, ndipo chiyembekezo chatsala pa mbande zimene anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa ndi kukabzala kumtunda. Phiri likamanka livulidwa, madzi ake amatsika mofulumirirapo, ndipo zimenezi zimamkhudza woyenda m'chigwembe ndi mlimi wa ku Makhanga yemwe.

Amene wapirira chikweza chonse amalandira mphotho yake mwadzidzidzi. Mitengo imafupika, kenaka imatha, ndipo munthu amatulukira pa dambo la udzu, thambo lonse lili poyera, nsonga za miyala zitamzinga. Chakumeneko kuli kanyumba ka alendo ka Minunu, kamodzi mwa tinyumba pafupifupi khumi ta pa phirili, ndipo mlonda wake amasonkha moto ndi kutunga madzi. Mitsinje ya pamwamba pano ndi ting'onoting'ono, toyera, tozizira mpaka mano kuŵaŵa, ndipo mpovuta kukhulupirira kuti madzi omweŵa akatsika amakasanduka malire a maiko aŵiri. Pangano la Britain ndi Portugal la m'chaka cha 1891 lidaika Ruo kukhala malire, ndipo mpaka lero kuchokera pamene Muloza amathira mu Ruo, tsidya lino ndi Malaŵi, tsidya ilo ndi Mozambique, kudutsa pa mathithi a Zoa mpaka ku Chiromo. Alomwe, Ayao ndi Amang'anja okhala m'tsinde amalilemekeza phirili ngati mokhala mizimu ya makolo, ndipo chifukwa cha mwambo umenewu bungwe la UNESCO lidalilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2025. Mlendo womva womtsogolera akumuuza kuti pano sapokosera kapena apa saloza chala, achite monga wauzidwa.

Potsika m'maŵa mwake, kapena tsiku limene mtsinje walola, wapaulendo akaloŵanso m'nkhalango angamve timau tosongoka tochokera m'masamba oola a pansi, makamaka kukachita chinyezi. Ena mwa oimbawo ndi achule aang'ono, ofiirira ngati masamba omwewo. Katswiri wa zinyama Arthur Loveridge, wa ku yunivesite ya Harvard ku America, adayenda m'dziko muno m'zaka za 1948 ndi 1949 akutola njoka, abuluzi ndi achule, ndipo m'nkhalango ya m'mphepete mwa Ruo adapeza chule amene sadalembedwepo m'mabuku. Polemba za iye m'chaka cha 1953 adampatsa dzina lakuti francei, kukumbukira mnyamata wa zankhalango uja amene adafera pafupi ndi malowo. Achule a banja limeneli saikira mazira m'madzi monga achitira anzao a m'madambo. Amaikira m'dothi la chinyezi pansi pa masamba, ndipo m'dziramo simutuluka mbululu koma kachule kathunthu, ka miyendo inayi, kamene kamayamba kudumpha pamtunda pomwepo.